Mafunso ndi mayankho: kupeza mawilo a sipeya a njinga yamoto yakale ya mpikisano

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera kuchokera kwa eni njinga zamoto zakale za mpikisano komanso amakaniko amene amazisamalira. Zitsanzo zambiri tatenga pa njinga ziwiri. Yoyamba ndi Norton Manx ya ku Britain, imene fakitale inasiya kuipanga mu 1962. Yachiwiri ndi Yamaha TZ350 ya ku Japan, imene inatuluka mu 1973, chaka chomwe Jarno Saarinen anapambana nayo mpikisano wa Daytona 200. Zambiri mwa izi zikukhudzanso AJS 7R, Matchless G50, BSA Gold Star ndi zinzake za nthawi imeneyo.

Njinga ili ndi mawilo ake kale. Enanso ndi a chiyani?

Chifukwa choyamba ndi nthawi. Pa tsiku la mpikisano, mvula ikayamba kuwaza kutatsala mphindi makumi awiri kuti muitanidwe, amene ali ndi mawilo awiri ovekedwa kale matayala ena amangomasula ekiselo n'kusintha. Amene alibe amagwada pansi ndi zitsulo zovulira tayala, manja akunjenjemera, ndipo apa ndi pomwe chubu imatsinidwa kapena rimu ya aluminiyamu imakalika.

Chachiwiri ndi kugwa. Wokwera akagwa ndi njinga Loweruka, nthawi zambiri injini imadzuka ili bwinobwino koma wilo lakutsogolo limakhala litapindika. Popanda lina, Lamlungu mudzaonera anzanu muli kuseri kwa mpanda.

Chachitatu anthu sachiganizira msanga. Mawilo amene njinga inabwera nawo kuchokera ku fakitale ndi mbali ya mtengo wake. Eni ake ambiri amawachotsa n'kuwasunga m'nyumba, ndiye pa bwalo amathamangira ena amene sangawalirire akawonongeka.

Ndiyambire pati kufufuza?

Lekani kufunafuna wilo lathunthu. Funani habu.

Wilo la masipoko lili ndi zigawo zitatu: habu pakati, rimu kunja, ndi masipoko olumikiza ziwirizi. Rimu ndi masipoko zikupangidwabe zatsopano mpaka lero, ndipo aliyense wokhala ndi ndalama akhoza kuitanitsa. Chosowa ndi habu, chifukwa pa njinga zakalezi buleki imakhala m'kati mwa habu momwemo, ndipo habu iliyonse inapangidwira foloko ndi felemu yakeyake. Mukapeza habu yabwino, mwapeza wilo. Mukagula wilo lathunthu chifukwa rimu yake ikuwala pa chithunzi koma habu ili ndi mng'alu, mwagula chokongoletsera khoma.

Ndiye musanalankhule ndi wogulitsa aliyense, chotsani mawilo amene muli nawo, muwayeze, mulembe papepala. Muyeze kunenepa kwa ekiselo, mpata wa pakati pa miyendo ya foloko, kutalika kwa tizitsulo totsekera mpata mbali zonse ziwiri, kukula kwa dramu ya buleki m'kati mwake, chiwerengero cha mabowo a masipoko, ndi malo amene chitsulo chogwira mbale ya buleki chimamangidwa. Ku wilo lakumbuyo muwonjezere mtunda wochokera pakati pa rimu kufika pa sipuloketi, chifukwa ukaphonyeka tcheni imayenda chammbali. Pepala limeneli muziyenda nalo m'thumba. Njinga imene yakhala ikuthamanga zaka makumi asanu yadutsa m'manja ambiri, ndipo si zachilendo kupeza Manx yokhala ndi foloko ya Ceriani ya ku Italy m'malo mwa foloko yake ya Norton yotchedwa Roadholder. Buku la fakitale lidzakuuzani mmene njinga inalili. Pepala lanu likuuzani mmene ilili lero.

Zilembo ngati WM2 ndi WM3 zodindidwa pa rimu zikutanthauza chiyani?

Ndi kutambasuka kwa rimu m'kati, pamene tayala limakhala. WM1 ndi mainchi 1.60, WM2 ndi 1.85, WM3 ndi 2.15, ndipo WM4 ndi 2.50. Nambala inayo, 18 kapena 19, ndi kukula kwa rimu yonse m'mainchi. Choncho WM2 x 18 ndi rimu ya mainchi 18 yotambasuka 1.85. Opanga matayala amalemba marimu amene tayala lililonse limakwanira. Tayala lalikulu mukalikakamiza pa rimu yopyapyala limatupa ngati chibaluni, ndiye pokhota pa kona mphira wogunda pansi umachepa m'malo mochuluka.

Manx yanga ili ndi mawilo a mainchi 19. Ndisinthe ndiike a 18?

Funsoli limakanganitsa anthu. Manx za felemu ya Featherbed, imene abale awiri a McCandless a ku Belfast anakonza ndipo Geoff Duke anapambana nayo Senior TT, umodzi mwa mipikisano yotchuka ya TT ya pa chilumba cha Isle of Man, mu 1950, zinkagulitsidwa ndi mawilo a 19. Ndi mtundu wa njinga umenenso Ray Amm wa ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, anapambana nawo Junior ndi Senior TT mu 1953. M'zaka za m'ma 1960 othamanga ambiri anatsikira pa 18, ndipo TZ350 inabwera kale ndi 18. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 njinga za Grand Prix zinali zitafika pa 17, ndipo lero zilinso pa 17.

Zotsatira zake n'zakuti matayala a mpikisano a 18 ndi osavuta kuwapeza kusiyana ndi a 19. Ngati gulu limene mumathamangamo likulola, mawilo a sipeya a 18 ndi anzeru. Koma dziwani kuti njinga imatsika pang'ono, zopondera ndi paipi ya utsi zimayamba kukhula pansi msanga pa kona, ndipo chiwongolero chimapepuka. Ena amakonda zimenezi, ena ayi. Chimene sitingakulangizeni ndi kukhala ndi mawilo a 19 a dzuwa ndi a 18 a mvula, chifukwa ndiye kuti mukukwera njinga ziwiri zosiyana, ndipo yachilendoyo mukukumana nayo pa tsiku loterera.

Ndapeza rimu ya mabowo 40 ndipo habu yanga ilinso ndi 40. Basi zatheka?

Ayi ndithu, ndipo apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. N'zoona kuti njinga zambiri za ku Britain zimakhala ndi masipoko 40 pomwe za ku Japan zambiri zili ndi 36, ndiye kuwerenga mabowo ndi poyambira pabwino. Koma bowo lililonse pa rimu limaboledwa mopendekeka, kuloza kumene sipoko yake ikuchokera. Habu yaikulu ya dramu imafuna masipoko aafupi opendekeka kwambiri. Habu yaing'ono ya buleki ya disiki imafuna aatali oima pafupifupi chilili. Habu ya Manx ndiye imavuta kawiri, chifukwa ndi yooneka ngati fanulo, yaikulu mbali ya buleki, yaing'ono mbali inayo. Mabowo a mbali imodzi ya rimu amapendekeka mosiyana ndi a mbali ina, ndipo masipoko ake ndi a misinkhu yosiyana.

Rimu yoboledwera habu ina mukhoza kuikakamiza n'kuimanga, wilo n'kuoneka ngati labwino. Mukayang'anitsitsa mudzaona sipoko iliyonse itapindika pang'ono polowera mu nati yake. Pamenepo ndi pamene idzathyokere. N'chifukwa chake akatswiri amafunsa dzina la habu musanalipire, ndipo ngati habuyo siidziwika amati muitumize kuti aboole rimu akuiona.

Mahabu ndi mawilo amenewa amapezeka kuti?

Pa Manx muli ndi mwayi. Ufulu wopanga zipangizo zake unadutsa kwa Colin Seeley, kenako John Tickle ndi ena, mpaka mu 1994 unafika kwa Andy Molnar wa ku Preston, ndipo kampani yake imapanga zipangizo zatsopano potsata mapulani akale. Mabuleki otchuka a ku Italy monga Fontana ndi Ceriani nawonso alipo opangidwa mwatsopano motengera akalewo.

Za marimu, masipoko ndi kuluka, ku Britain kuli Central Wheel Components kufupi ndi Birmingham, komanso Hagon, kampani imene anayambitsa Alf Hagon. Ku America kuli Buchanan's ku Azusa, m'chigawo cha California.

Zakale zenizeni zimapezeka pa misika ya zitsulo zakale, imene tingaitche kaunjika wa njinga zamoto. Ku Stafford kumakhala chionetsero chachikulu mu Epulo ndi mu Okutobala. Kulinso misika ya ku Kempton Park, Newark ndi Netley Marsh. Ku Germany kuli Veterama ku Mannheim, ku Italy kuli msika wa pa bwalo la Imola. Amene muli ku South Africa, pitani pa masiku a njinga zakale ku Zwartkops kufupi ndi Pretoria kapena ku Killarney ku Cape Town. Dzikolo linali ndi ma TZ ambiri, ndipo Jon Ekerold wa komweko anatenga ukatswiri wa dziko lonse wa 350cc mu 1980 pa njinga ya injini ya Yamaha.

Komabe malo oposa onsewa ndi kumene othamanga amaimika magalimoto awo pa tsiku la mpikisano. Zinthu zabwino kawirikawiri sizifika pa msika wa pa intaneti wa eBay. Zimachoka m'galaja la mkulu wina amene wasiya kuthamanga n'kupita kwa munthu amene anacheza naye bwino pa kapu ya tiyi. Lowani m'kalabu ya mipikisano ya njinga zakale ngati CRMC ya ku Britain kapena AHRMA ya ku America, muuze anthu chimene mukufuna, ndipo mudikire. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Akuti habu za maginiziyamu zakale n'zoopsa. N'zoona kapena akungoopseza?

N'zoona. Maginiziyamu amapepuka kuposa aluminiyamu ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, n'chifukwa chake Norton anawagwiritsa ntchito pa mahabu a Manx, ndipo pambuyo pake makampani ngati Campagnolo, Morris ndi Dymag anapanga nawo mawilo athunthu opanda masipoko. Vuto lake ndi lakuti chitsulochi chimadyeka ndi chinyezi, makamaka pamene chagundana ndi chitsulo cha mtundu wina, monga pa mabowo a masipoko, pa mabawuti ndi pokhala mabering'i. Dzimbiri lake si lofiira ayi. Ndi ufa wotuwa, ndipo limatha kudya pansi pa penti kunja kukuoneka bwino.

Habu kapena wilo la maginiziyamu la zaka makumi anayi kapena kuposa lisapite pa bwalo lisanayezedwe. Penti amaichotsa, n'kuthira mankhwala ofiira olowerera m'ming'alu, kupukuta, kenako n'kupopera oyera amene amakoka ofiira aja kuti mng'alu uonekere. Njira imeneyi imaonetsa ming'alu yofika pamwamba yokha. Za m'kati zimafuna X-ray, ndipo malo oyeza zipangizo za ndege ndi amene amakhala ndi makina ake. Likapambana mayeso, lipakidwe mankhwala oteteza ndi penti mwamsanga, chifukwa maginiziyamu osavala sachedwa kuyambanso kudyeka.

Likapezeka ndi mng'alu, musapite nalo kwa wowotcherera wa pamsika. Tizidutswa ndi fumbi la maginiziyamu zimayaka moto woyera umene madzi amaukolezera m'malo mouzimitsa. Ndipo ngakhale katswiri ataliwotcherera bwino, ife sitingalikwere pa liwiro la makilomita 200 pa ola. Maganizo athu ndi akuti habu yakale ya maginiziyamu isungidwe, yothamangira ikhale yatsopano.

Ndikaima pa tebulo la wogulitsa, ndiyang'ane chiyani?

Yambani ndi mabowo a masipoko pa habu. Akhale ozungulira, osati otalika ngati dzira, ndipo pasakhale kamzere kochoka pa bowo kupita m'mphepete. Lowetsani chala pokhala bering'i. Ngati bering'i ikungogwera yokha osakhomedwa, malowo anakula. Zimakonzeka, koma ndi ntchito ya pa makina ndipo mtengo utsike. Yezani dramu ndi chida choyezera, osati ndi maso, chifukwa dramu imene yapalidwa kambirimbiri imakhala itapyola malire ndipo nsapato za buleki sizigwiranso bwino. Onaninso ngati mkombero wachitsulo wa m'kati mwa dramu sunayambe kulekana ndi habu.

Funsani ngati mbale ya buleki ilipo, ndi timikono take tonse. Wina wa ife anagulapo habu yakutsogolo yotchipa, akusekerera njira yonse, n'kudzatha zaka ziwiri akusaka mbale yake, imene pomaliza inadula kuposa habuyo.

Mabering'i asakudetseni nkhawa. Ambiri ndi a manambala wamba, monga 6203 kapena 6204, ndipo amapezeka m'sitolo za zipangizo za makina. Muwasinthe basi. Chenjerani ndi manati: njinga za ku Britain za nthawi imeneyo zili ndi mazinga a Whitworth, BSF kapena Cycle, ndipo nati ya mamilimita imalowa kawiri katatu kenako n'kuwononga ekiselo.

Nsapato za buleki zakale zambiri zili ndi asibesitosi. Fumbi lake musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi mpweya wa kompuresa. Lipukuteni ndi nsalu yonyowa.

Rimu yakale ya Borrani kapena Akront ndi yabwino kuposa yatsopano?

Pa maonekedwe, inde. Borrani ya ku Milan, kampani imene inayamba mu 1922, ndi Akront ya ku Spain ndi mayina amene osunga njinga amanyadira, pamodzi ndi marimu a aluminiyamu a Dunlop. Pothamangira, yatsopano ya Morad, Excel kapena Borrani yamakono ndi yodalirika kuposa. Marimu akale a mapewa aatali m'mbali amasunga madzi m'ngalande zake, ndipo amadyeka mozungulira manati a masipoko. Chotsani lamba wa m'kati muone pansi pake, makamaka pamene rimu inalumikizidwa. Rimu yopindikira kumbali pang'ono imawongoka ndi masipoko. Imene inaphwatalala pamalo amodzi chifukwa chogunda chinthu siibwereranso.

Bwanji ndingotenga wilo la njinga yamoto wamba n'kulikwaniritsa?

Nthawi zina zimatheka. Othamanga ambiri osakhala ndi ndalama zochuluka amagwiritsa ntchito buleki yakutsogolo ya Suzuki GT750 yoyambirira, imene ili ndi nsapato zinayi, ngakhale ndi yolemera ngati mwala wa mphero. Pa TZ zoyambira 1976, pamene Yamaha anasiya dramu n'kuika disiki, ena amayesa zipangizo za njinga za pamsewu za Yamaha za zaka zomwezo. Zonsezi zimafuna wa makina wodziwa kusema tizitsulo totsekera mpata kuti wilo likhale pakatikati.

Koma wilo la njinga zing'onozing'ono zonga za kabaza, ngakhale litakhala la mainchi 18, iwalani. Ekiselo yake ndi yopyapyala, ndipo buleki yake inapangidwira liwiro la m'tauni.

Amene amakonza njinga zakapalasa angathe kundilukira wilo?

Luso lake ndi lomwelo, ndipo ena mwa iwo ali ndi dzanja labwino kuposa amakaniko a magalimoto. Kusiyana kuli pa kulimba ndi pa muyeso. Masipoko a njinga yamoto ndi onenepa, geji 8, 9 kapena 10, ndiye kuti pakati pa mamilimita 3 ndi 4, ndipo amakokedwa mwamphamvu. Wilo la mpikisano lisagwedezeke kupyola milimita imodzi, kumbali kapena m'mwamba ndi pansi, ndipo woluka wabwino amafika pa theka la pamenepo. Izi zimafuna wotchi yoyezera, osati choko.

Musanadule masipoko akale, jambulani wilo mbali zonse ziwiri, ndipo muyeze mmene rimu yakhalira poyerekeza ndi m'mphepete mwa habu. Pa njinga zambiri rimu siikhala pakati penipeni pa habu. Muyeso umenewu ukatayika, woluka amangoganizira, ndipo mawilo awiri a njinga sayendanso mu mzere umodzi.

Chinanso: masipoko akakokedwa, dramu imasintha pang'ono kuzungulira kwake. Choncho dramu ipalidwe pa makina wilo litalukidwa kale, kenako nsapato zisemedwe kuti zifanane nayo. Mukachita mosemphanitsa, chogwirira buleki chizidzagunda m'manja ngati mtima.

Kodi mbale imodzi ya buleki ingagwire ntchito pa mawilo awiri?

Ingathe ngati madramu awiriwo apalidwa kufika pa muyeso umodzi. Akasiyana ngakhale pang'ono, nsapato zozolowera dramu imodzi zimangogunda pang'ono mu inayo, ndipo mudzazindikira pa kona yoyamba. Ngati thumba likulola, wilo lililonse likhale ndi mbale yake. Pa disiki nkhani ndi yosavuta, bola madisiki akhale ofanana kunenepa ndi malo okhala.

Malamulo a mpikisano amati chiyani pa mawilo?

Kalabu iliyonse ili ndi buku lake, ndipo muliwerenge musanagule kanthu. Kawirikawiri amagawa njinga potengera zaka, n'kuika malire a kukula ndi kutambasuka kwa rimu. M'magulu a njinga zakale kwambiri salola mawilo opanda masipoko, buleki ya disiki, kapena matayala osalala opanda mizere, ndipo ena salola ngakhale matayala apadera a mvula. Mipikisano ngati Goodwood Revival imaumirira kwambiri kuti njinga ioneke monga inalili pa nthawi yake. Ngati pali chokayikitsa, lemberani woyang'anira za malamulo wa kalabuyo, mutumize chithunzi, ndipo yankho lake mulisunge.

Nanga matayala?

Pa njinga zimenezi anthu ambiri ankadalira Avon, koma fakitale yake ya ku Melksham inatsekedwa kumapeto kwa 2023, ndiye funsani kaye chimene chikupezeka musanasankhe rimu. Dunlop, Continental ndi Heidenau ali ndi matayala a njinga zakale. Dunlop TT100 yotchuka ija inatenga dzina lake pamene Malcolm Uphill anazungulira bwalo la Isle of Man pa liwiro la mamailosi 100 pa ola ndi Triumph Bonneville mu 1969, koma limenelo ndi tayala la pamsewu.

Tayala lobwera ndi wilo lakale muliyese ngati chokutira chabe. Pambali pake pamakhala manambala anayi: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka, moti 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019. Ngati manambala ali atatu okha, linapangidwa chisanafike chaka cha 2000. Mawilo a masipoko amafuna chubu, ndipo chubu ndi lamba wa m'kati zikhale zatsopano nthawi iliyonse mukasintha tayala.

Ndikuitanitsa kuchokera kunja. Nditumizitse wilo lathunthu?

Ngati muli ndi woluka amene mumamukhulupirira, n'kotchipa kutumiza habu, rimu ndi masipoko padera, chifukwa makampani onyamula katundu amawerengera kukula kwa katoni osati kulemera kokha. Ngati mulibe, lipirani kuti lilukidwe komweko, ndipo lipakiridwe ndi matabwa mbali zonse kuti chinthu cholemera chikasanjikidwa pamwamba chisapinde rimu. Tayala lakale alivule, musalipire ulendo wa chinthu chokataya. Wogulitsa alembe pa risiti dzina la chipangizo ndi mtengo wake weniweni, popeza a msonkho pa chipata adzafuna pepalalo, ndipo inshuwalansi ya katundu imalipira potengera nambala yomweyo.

Katundu akafika, yesani habu pa njinga musanailuke, ndi ekiselo ndi tizitsulo take tonse. Wogulitsa akhoza kulandiranso habu imene sinakhudzidwe, koma rimu yoboledwera inu sabweza.